Loya amene anandiuza kuti bakkie yanga si yanga, ndamupatsa nyenyezi 4

Anthu akhala akundivutitsa ndi mafunso, ena kutchalitchi ena kuchipereganyu, eti loya uja munapitako apolisi atakulandani bakkie (galimoto yonyamulira katundu) ndi wabwino kapena ndi aja ongodya ndalama za anthu. Nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengera yekha, chifukwa kubwereza nkhani yomweyomweyo Sande iliyonse kwanditopetsa komanso mtima umayambiranso kuwawa. Dzina la ofesiyo sinditchula, la pomwe ndinagula galimoto sinditchulanso poti nkhani yathu sinathe. Ingodziwani kuti ndi kaofesi kakang'ono mtauni ya Joni mbali ya Marshalltown, ukatsika basi pa Gandhi Square umangoyenda wapansi pang'ono, loya wake ndi mayi wa konkuno ndipo ali ndi mtsikana mmodzi wapadesiki basi. Pa nyenyezi 5 ndawapatsa 4, imodzi ndachotsayo ndinena chifukwa chake.

Ine ndimaika matailosi, ndimakhala ku Turffontein, kwathu ndi ku Ntcheu. Amene ali pantchito imeneyi akudziwa kuti opanda bakkie ndiwe kapolo wa anzako, makina odulira, chopukusira, matumba a guluu, zonsezi sungakwere nazo takisi, nde ndalama yaganyu imathera pa hayala. Ndinasunga kwa zaka ziwiri, kuphatikiza ya chipereganyu, mpaka ndinagula Nissan NP200 ya 2015 pa R68 000 pa yadi ina mu Jules Street, msewu uja wochokera ku Jeppestown kulowera ku Malvern womwe magalimoto ogulitsa amangoti mbwee mbali zonse ziwiri. Sikuti ndinagula pakona kwa munthu wovala chipewa chobisa nkhope ayi, panali ofesi, panali kompyuta, anandipatsa lisiti yadzina la kampani, ndalama ndinatumiza kudzera kubanki. Ndinatenga traffic register number, nambala yolembetsera galimoto, monga timachitira alendofe, galimoto inalowa mdzina langa pa eNaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, bwinobwino, kadisiki ndinamata pagalasi.

Galimotoyo inali yotopa, chilungamo chake, nchifukwa chake mtengo unali wotsika. Inkafuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa. Achimwene ena a ku Balaka, makaniko amene amagwirira panja pa nyumba yawo ku Rosettenville, anamasula injini yonse nkuikonza, R14 500. Kilatchi ndi mabuleki R4 200, matayala anayi R3 600, kanopi R7 000 kuti zida zisamanyowe, penti R6 000, kenako chibwana chinandigwira ndinaika marimu onyezimira ndi masipika R5 500. Mukawonkhetsa ndi R40 800 pamwamba pa R68 000 ija. Loweruka ndinkaitsuka ndekha, madamu mpaka ankati bambo a mwana, galimotoyi mwaikonda kuposa ife.

Mu Novembala ndinaganiza zoti Khrisimasi ndikadyere kumudzi nayo, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowera pa Zobue, amayi akaone kuti mwana wawo sakungoyendayenda ku Joni. Ndinapita ndekha ndi miyendo yanga kupolisi kuti aiyeze ndipeze chikalata cha SARPCCO chodutsira mmalire. Wapolisi anayang'ana nambala ya chasisi nthawi yaitali, anaitana mnzake, anabweretsa katochi kowala mwa buluu ndi kachipangizo koonera tinthu ting'onoting'ono. Kunotu kuyambira Seputembala 2012 galimoto yatsopano iliyonse imawazidwa timadontho totchedwa microdot, tochepa ngati mchenga, tili ndi nambala yake ya galimotoyo. Timadontho ta bakkie yanga tinkanena nambala ina, mapepala ankanena ina. Inali yobedwa, anaiveka mapepala a inzake yomwe inaphwanyika pangozi. Ndinatuluka pageti wapansi, mmanja muli kapepala ka nambala ya mlandu ndi jekete yanga basi.

Kwa loyayo anandilondolera ndi bwana wina amene ndinamuikira matailosi kubafa. Kuonana koyamba ndi R850, umalipiratu usanakhale pampando, ola limodzi. Ndinapita ndi msuweni wanga amene chizungu chake ndi chothyakuka chifukwa changa ndi cha pa saiti, chokwanira kukambirana mitengo basi. Chinthu choyamba chomwe ndinawakondera mayi aja nchakuti sanandinyengerere. Ine ndinalowa ndi mtima woti andiuze mmene tikatengere bakkie yanga, iwo anandisiya ndilankhule mpaka ndithe, analemba, kenako anati bambo, tiyambe tagwirizana chinthu chimodzi, galimoto ija si yanu ndipo sinakhalepo yanu ngakhale tsiku limodzi. Msuweni wanga anachita kuzengereza pomasulira, kuyang'ana pansi. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti R850 yanga ibwerere.

Anafotokoza motere, ndipo anachita kujambula papepala. Malamulo a katundu a ku South Africa maziko ake ndi a Chiroma ndi Chidatchi, ndipo mfundo yake njakuti munthu sangapatse mnzake umwini womwe iye mwini alibe. Wakuba alibe umwini, nde amene wagula kwa wakuba alibe, amene wagula kwa ameneyonso alibe, ngakhale galimoto itadutsa mmanja khumi aliyense akulipira ndi mtima woyera. Mwini wake weniweni ali ndi mphamvu yoitenga kwa aliyense amene waipeza nayo, dzina lake pa Chilatini ndi rei vindicatio, ndipo sakakamizidwa kukubwezera yomwe unagulira. Ndinati nanga dzina langa pa eNaTIS? Anati kaundula uja sapatsa munthu umwini pa chinthu chobedwa. Pali potulukira pawiri pomwe anatchula. Pena mwini wake akakhala kuti iye yemwe mosasamala anachititsa anthu kukhulupirira kuti wogulitsayo ali ndi chilolezo, monga kukaisiya yekha pa yadi ndi mapepala ake, khothi likhoza kumutseka pakamwa. Yangayi inachita kubedwa, nde zimenezo ayi. Kwina ndi kukhala nacho chinthu poyera ngati chako zaka 30 osadukiza, malinga ndi Prescription Act ya 1969. Zaka 30 pa NP200 abale, ikhala itasanduka khola la nkhuku.

Apa nde ndinakwiya, ndinati mayi, galimoto imene anabedwa munthuyo ndi ina, imene apolisi atenga ndi ina, ija inali chikhakha, ine ndaisandutsa galimoto. Yankho lawo ndi lomwe linandichititsa kuona kuti ntchito yawo amaidziwa, sanachite kutsegula buku. Anati zomwe wamatirira pa chinthu cha mwini, zikakhala kuti zalowerera nkukhala mbali ya chinthucho, zimatsatira chinthu chachikulucho. Penti sungaikande, mapisitoni ali mkati mwa injini ya eni. Anandiuza za mlandu wina wa 1991, wa Khan ndi nduna yoona za chitetezo, pomwe munthu anapereka BMW yake yophwanyika kuti aimangenso, omangawo analumikiza ndi mbali yaikulu ya BMW ina yobedwa, khothi linayang'ana kuti chimene chikuipatsa galimotoyo maonekedwe ndi chikhalidwe chake ndi chiti, linapeza kuti ndi yobedwayo, munthu uja analuza. Ndinangoti kukamwa yasa. Kunenepetsa ng'ombe ya eni ndi gaga wako sikuisandutsa yako, kumudzinso timadziwa, kungoti zikakugwera iwe mutu umakana.

Koma sikuti wogula mosadziwa amangotayidwa ayi, ndipo apa mpomwe ola lija linapindula. Mwini wake saloledwa kulemera ndi thukuta lako ulere. Zomwe unawononga amazigawa patatu. Pali zofunika kuti chinthucho chisawonongeke kapena kutha, zimenezo ukhoza kuitanitsa. Pali zothandiza, zomwe zakweza mtengo wa chinthucho, pamenepo amayang'ana ziwiri, ndalama yomwe unalowetsa ndi mmene mtengo wakwerera, amakupatsa chocheperapo mwa ziwirizo. Kutanthauza kuti ukalowetsa R14 500 mu injini koma galimoto pamsika yangokwera ndi R8 000, iwe yako ndi R8 000. Nde pali zamanyado, marimu anga aja ndi masipika, zimenezo usayembekezere kuti wina akulipira, chomwe ungachite ndi kuchotsa ngati zikuchotseka osawononga galimoto. Anawerenga mndandanda wanga ndi cholembera chofiira, atafika pa masipika anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo osanena kanthu, msuweni wanga anaphulika kuseka.

Chinanso chomwe sindinkadziwa, wogula mosadziwa ali ndi mphamvu yokanirira chinthucho mpaka amulipire zokonzera zija, amati lien. Koma mphamvu imeneyi imadalira kuti chinthucho chili mmanja mwako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yanga inali kale kumpanda wa apolisi, atailemba mkaundula wawo wa SAP 13 ngati umboni, ndiponso lamulo la pamsewu la 1996 limaletsa kusunga galimoto ya nambala yofufutidwa popanda chifukwa chomveka pamalamulo. Nde ndodo yokambirana nayo ndinalibe, chinatsala ndi kupempha ndalama ndi mapepala.

Mapepalawo nde mpomwe ndinadzipweteka ndekha. Matayala lisiti inalipo, kanopi inalipo, kilatchi ndi mabuleki inalipo. Injini, yomwe inadya ndalama yambiri, ndinalipira achimwene aja pamanja, kawiri konse, tili chiimire pamsewu, umboni wake kugwirana chanza. Penti chimodzimodzi. Loya anati bweretsani chilichonse, nde usiku wonse ine ndi madamu tinakhala pamphasa kufufuza mu foni, tinapeza zithunzi za injini ili yomasula pa katoni, mauthenga a WhatsApp oti achimwene ndatumiza mwana ndi 5, timalisiti tofufutika ta sipeya tomwe tinali mchitini cha zomangira. Makaniko uja poyamba anakana kulemba chikalata cholumbira, anati achimwene ine zakupolisi ayi, mukudziwa mmene zinthu zilili kuno. Sindinamuimbe mlandu. Anadzavomera patapita masabata awiri madamu atakalankhula ndi akazi ake.

Ndisaiwale, asanafike nkomwe pa zandalama mayi aja anayamba ndi kunditchinjiriza ine, zomwe ine sindinaziganizire poti mutu unali pa bakkie. Kuno kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ngobedwa nkulephera kufotokoza momveka mmene unamupezera ndi mlandu pawokha, gawo 36 la lamulo lina la 1955, ndipo gawo 37 limagwira wolandira katundu wobedwa popanda chifukwa chomveka chokhulupirira kuti wogulitsayo ndi mwini kapena wololedwa. Anandikonzera sitetimenti, anamatako lisiti ya pa yadi, pepala la kubanki ndi pangano logulitsirana, anandiperekeza kukaonana ndi wofufuza. Ndinatuluka ngati mboni osati woganiziridwa. Abale amene mumagula mafoni, ma TV ndi majenereta pamsewu opanda kalikonse kolemba, ine lisiti ndi imene inandigoneka kunyumba tsiku limenelo. Pa ichi chokha R850 ija sindiidandaula.

Tsopano nyenyezi yomwe ndachotsa. Ofesi imeneyi kuyankha foni ndi nkhondo. Umatumiza uthenga Lolemba, timizere tiwiri tabuluu tikuoneka, yankho Lachisanu madzulo. Mtsikana wapadesiki ndi waulemu koma yankho lake ndi limodzi, ali kukhothi. Tsiku lina ndinasiya ganyu ku Randburg, kukwera matakisi awiri, kudikira pabenchi maola awiri nkuuzidwa kuti bwerani mawa, ndalama ya tsiku yapita. Chachiwiri, sanandiuze poyamba kuti foni iliyonse amaiwerengera. Bilu itabwera ndinaona mzere wakuti kukambirana pa foni mphindi 6, mzere wina kuwerenga imelo, ndinati kodi moni amenenso ndi wogula? Nditadandaula anachotsako mizere itatu osakangana nane, koma zikanakhala bwino kunena pachiyambi. Zonse pamodzi mpaka lero ndalipira R6 300. Chachitatu nchaching'ono, chikepe cha mnyumbamo chinali chakufa maulendo onse ndinapitako, ofesi ili pa nsanjika yachinayi, amene muli ndi vuto la mawondo dziwiranitu.

Zotsatira zake nazi. Zinapezeka kuti mwini wake wakale inshuwalansi inamulipira kalekale, nde mwini wa bakkie tsopano inali kampani ya inshuwalansiyo, ndipo loya anati zili bwino choncho chifukwa kampani imawerengera ndalama, siikhala ndi mkwiyo ngati munthu wobedwa. Analemba makalata awiri, anthu aja anatumiza wowerengera mtengo wawo, anakana penti yonse eti siinakweze kanthu, injini anavomera theka. Tinathera pa R11 000 ndi chilolezo chokachotsa kanopi ndi masipika. Marimu anati chotsani koma mubwezeretse akale, akalewo ndinali nditagulitsa kwa wa sikirapu R600, nde anapita ndi galimoto. Loya anandiuza mosabisa kuti tikhoza kukamenyera zambiri kukhothi koma zomwe tingawonjezere zikhoza kuthera mwa iye, landirani. Loya wokuuza kuti usamupatse ntchito ina, ine ndinali ndisanamuonepo.

Tsiku lokachotsa kanopi linandipweteka kuposa tsiku lolandidwa. Bakkie ili pakati pa magalimoto ena ambirimbiri, fumbi lili katakata, tayala limodzi laphwa, kanyenyezi ka pulasitiki komwe mwana wanga anapachika pagalasi kakadali pompo. Ndinamasula mabawuti ndi sipanala 13 wapolisi ataima pambali akudya chingwa, ndinatenga kanyenyezi kaja nkuika mthumba.

R68 000 yogulira ija mwini galimoto sakhudzidwa nayo, imeneyo ndi ya pakati pa ine ndi amene anandigulitsa. Lamulo limati wogulitsa amakhala ngati walonjeza kuti palibe wina adzakulande chinthucho ndi umwini woposa wako, zikachitika abweze ndalama, ndipo ukuyenera kumudziwitsa msanga. Consumer Protection Act ya 2008 nayonso imati wogula ali ndi ufulu wokhulupirira kuti wogulitsa ali ndi mphamvu yogulitsa katunduyo. Palinso Second-Hand Goods Act ya 2009, yomwe imati ogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito alembetse kupolisi ndipo azisunga kaundula wa amene anawagulitsa katundu. Loya atangofunsa za kaundula ameneyu mkalata yake, bwana wa pa yadi amene ankandithawa mwezi wonse anaimba yekha foni. Anasaina kuti azibweza R5 000 pamwezi. Wapereka katatu, R15 000, kenako zii, ndipo nditadutsako sabata yatha ndinapeza chikwangwani chasintha dzina ngakhale anyamata otsuka magalimoto ndi omwe aja.

Ena mwandifunsa kuti bwanji osangopita ku Small Claims Court, khothi la milandu ya ndalama zochepa, komwe sikufuna loya. Kumeneko malire anali R20 000 nthawi imeneyo, nde ndikanayenera kutaya yotsalayo. Yanga ikuyenera kupita kukhothi la majisitireti, ndipo loya wandichenjeza kuti ngongole yotere ikagona zaka 3 osaitsatira kukhothi imafa, komanso kuti kuwina mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati kampaniyo ilibe katundu mdzina lake. Kwa amene thumba silikulola, kuli Legal Aid South Africa komanso Wits Law Clinic omwe amathandiza ulere anthu opeza zochepa, amayamba aona kaye mmene umapezera. Ine ndinathamangira wolipira chifukwa cha mantha a kumangidwa.

Nde mukandifunsa kuti mupiteko kapena ayi, ndikuti pitani, makamaka ngati apolisi akukuitanani, koma tengani munthu womva chizungu bwino, tengani pepala lililonse ngakhale looneka lopanda ntchito, ndipo funsiranitu mtengo wa foni musanayambe kuimba. Ngati mukufuna loya wokulonjezani kuti galimoto ibwera, mayi amenewa akukhumudwitsani mphindi 10 zoyambirira. Anandiuzanso kuti amayang'anira anthu mapepala asanagule pa mtengo womwewo wa R850, ndikuwauza kuti akayezetse kaye nambala ndi timadontho tija ndalama isanachoke, koma anaseka nkunena kuti obwera nthawi imeneyo ndi ochepa kwambiri.

Lachiwiri likubwerali ndikukasaina masamoni, akuti ndibwere ndi R1 500 ina. Kanopi ili kuseri kwa chipinda changa pamwamba pa njerwa zinayi, galu wa alandilodi ndi amene akugonamo. Amene ali ndi NP200 ndipo akuifuna, R4 500 tikhoza kukambirana, lisiti yake ilipo.